Kujambulanso ndi Manja Zithunzi Zakale za Nyama

Mabuku ofotokoza za nyama, mbalame, nsomba ndi tizilombo omwe anasindikizidwa ku Ulaya kuyambira zaka za m'ma 1500 mpaka kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 anasiya zithunzi zosawerengeka, ndipo masiku ano pali amisiri amene ntchito yawo ndi kutenga zithunzi zimenezi n'kuzijambulanso ndi burashi, chimodzichimodzi, kuti anthu azigula ndi kuzipachika m'nyumba, m'maofesi ndi m'malo ogona alendo. Ena amaiderera ntchitoyi ponena kuti ndi kukopera chabe, ndipo kuti makina osindikizira amakono angathe kutulutsa chithunzi chomwecho mwamsanga ndi motsika mtengo. Oganiza chotere amaiwala mmene zithunzi zakalezo zinapangidwira. Nthawi zambiri chithunzi chamitundu chimene chili m'mabuku amenewa chinapakidwa utoto ndi munthu amene anali kuyang'ana chithunzi china n'kumatsanzira, kotero kuti mmisiri wa lero amene akuchijambulanso sakuyamba chinthu chachilendo, koma akulowa m'malo mwa antchito ambirimbiri amene maina awo sanalembedwe paliponse. Funso lofunika kwambiri ndi lakuti mmisiriyo akukopera chiyani, pakuti chimene chili patsogolo pake si nyama yeniyeniyo, koma mmene munthu wina wa nthawi ina anaionera, pamodzi ndi zimene anazidziwa ndi zimene analakwitsa.

Buku limene limaonetsa bwino kukula kwa ntchitoyi ndi The Birds of America la John James Audubon, lomwe linatuluka pang'onopang'ono kuyambira 1827 mpaka 1838. Muli zithunzi 435, ndipo popeza Audubon anaumirira kuti mbalame iliyonse ioneke pa msinkhu wake weniweni, pepala lake linali lotalika pafupifupi mita imodzi, mulifupi mwake masentimita oposa 60. Olembetsa ankalandira zithunzi zisanuzisanu, ndipo mitokoma yotere inakwana 87 bukulo lisanathe. Zithunzi khumi zoyambirira zinakonzedwa ku Edinburgh ndi William Lizars, koma opaka utoto ake atanyanyala ntchito, Audubon anasamutsira zonse ku London kwa banja la Havell, kumene Robert Havell wamng'ono anaisenza ntchitoyo mpaka kumapeto. Sitiraka ya opaka utoto inali yokwanira kuimitsa buku lonse, ndipo zimenezi zikusonyeza pamene panagona mphamvu ya ntchitoyi.

Chithunzi chimene Audubon anajambula ndi dzanja lake sichinkafika kwa wogula. Havell ankachisamutsira pa chitsulo chophwatalala cha mkuwa, chimene ankayamba wachimata ndi phula lopyapyala, kenako n'kumalemba mizere ndi singano yochotsa phulalo. Akachinyika mu asidi, asidiyo ankadya mkuwa pokhapokha pamene singano yadutsa, n'kusiya timigula tosunga inki. Pofuna mthunzi wofewa, monga wa pansi pa phiko kapena wa mitambo, ankagwiritsa ntchito njira yotchedwa aquatint, imene mmisiri amawaza ufa wa utomoni pa mkuwa n'kuutenthetsa kuti umamatire, kotero kuti asidi amadya mozungulira kambewu kalikonse ka ufawo n'kusiya timabowo ting'onoting'ono. Akathira inki ndi kupukuta pamwamba, ankaika pepala lonyowa n'kulipanikiza mwamphamvu m'makina, ndipo chotuluka chinali chithunzi chakuda ndi choyera, chokhala ndi chidindo cha m'mphepete mwa mkuwawo chimene chala chimatha kuchimva mpaka lero. Apa m'pamene opaka utoto ankayambira. Pa nthawi imene ntchito inali pachimake, kwa Havell kunali opaka pafupifupi 50, aliyense ali ndi chithunzi chachitsanzo chovomerezedwa patsogolo pake, ndipo m'nyumba zambiri zosindikizira za nthawiyo ntchito inkagawidwa kotero kuti wina ankapaka mtundu umodzi n'kupatsira mnzake pepalalo. Mabuku athunthu amene anapangidwa sanafike 200, koma munthu akachulukitsa ndi 435 amapeza mapepala masauzande ambirimbiri, lililonse lodutsa m'manja mwa anthu. N'chifukwa chake palibe mabuku awiri a Audubon ofanana ndendende, ndipo mwiniwakeyo ankadandaula akaona mapepala opakidwa mosasamala. Mu December 2010 buku limodzi lathunthu linagulidwa ku Sotheby's ku London pa mtengo wa mapaundi 7.3 miliyoni, chikhalirecho anthu amene analipaka utoto sadziwika ndi dzina lomwe.

Njira ina, yotchedwa lithography, inatulukiridwa ndi Alois Senefelder mu 1796, ndipo inapeputsa ntchito chifukwa wojambula ankalemba yekha ndi choko chamafuta pa mwala wosalala wa laimu. Akanyowetsa mwalawo, inki yamafuta inkakana madzi n'kumamatira pa zolembedwazo pokha. Nthenga zinayamba kuoneka zofewa kuposa kale. Edward Lear, ali mnyamata wosakwana zaka 20, anayamba nayo buku la zinkhwe lomwe linatuluka pakati pa 1830 ndi 1832 ndi zithunzi 42, zambiri zojambulidwa akuyang'ana mbalame zamoyo kumalo osungirako nyama ku London. Elizabeth Gould, amene anamwalira mu 1841 ali ndi zaka 37, anajambula pa mwala zithunzi mazanamazana za m'mabuku otchuka ndi dzina la mwamuna wake John Gould, kuphatikizapo mbalame zimene Charles Darwin anabwera nazo pa ulendo wa sitima ya Beagle. Komabe ngakhale m'njira imeneyi mitundu inkaikidwa ndi manja, ndipo pa buku lake la timbalame ta ku America totchedwa hummingbird, John Gould anafika poika golide wopyapyala pansi pa utoto woonekera mkati kuti khosi la kambalameko lizinyezimira pepala likatembenuzidwa. Kunyezimira kotere makina osindikizira wamba sakutha kukutulutsa, chifukwa kumachokera ku kuwala kumene kwadutsa utoto n'kubwerera, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zenizeni zimene burashi ikadali ndi malo ake.

Pa zimene wojambula woyambayo anaona, nkhani yodziwika kwambiri ndi ya chipembere cha Albrecht Dürer. Mu May 1515 ku Lisbon kunafika chipembere cha ku India, mphatso yochokera kwa mfumu ya ku Gujarat imene inatumizidwa kwa Mfumu Manuel I ya Portugal. Dürer anali ku Nuremberg ndipo nyamayo sanaione, koma anadalira kalata ndi chojambula chachidule cha munthu wina, n'kujambula chithunzi chake chimene chinagobedwa pa thabwa. Chipembere chake chavala zikopa zolimba zonga malaya achitsulo a msilikali, miyendo yake ili ndi mamba, ndipo pa msana pafupi ndi khosi pali kanyanga kopotoka kamene chipembere chilichonse chilibe. Nyama yeniyeniyo inafera m'nyanja chakumayambiriro kwa 1516, sitima imene inkaitengera kwa Papa Leo X itamira kufupi ndi gombe la Italy, koma chithunzicho chinakhalabe. Conrad Gessner anachikopera m'buku lake la nyama limene linayamba kutuluka mu 1551, ena anakopera kwa Gessner, ndipo kwa zaka zoposa 200 anthu a ku Ulaya ankadziwa chipembere cha kanyanga pamsana, mpaka pamene chipembere chamoyo chotchedwa Clara chinayendetsedwa m'mizinda yawo pakati pa 1741 ndi 1758. Wokopera aliyense pa mzere umenewu anali wokhulupirika ku chithunzi chimene anapatsidwa, ndipo kukhulupirika komweko n'kumene kunasunga cholakwikacho.

Zolakwika zambiri sizinali zazikulu chomwecho, ndipo zinkachokera ku zinthu zimene wojambula anali nazo pa tebulo. Amisiri ambiri a ku London, Paris ndi Leiden ankalandira zikopa zouma za mbalame, zoikidwa thonje mkati, zitayenda miyezi pa nyanja. Chikopa chotere chimasunga mtundu wa nthenga, koma diso limakhala litachotsedwa, miyendo ndi mlomo zimazilala kapena kuda, ndipo kaimidwe ka mbalameyo kamatsala m'maganizo a wojambula yekha. Audubon ankadziona kuti waposa anzake chifukwa ankaombera mbalame yekha n'kuiimika ndi mawaya pa thabwa mitundu isanazilale, koma ngakhale iye anapinda khosi la flamingo mpaka mutu kufika kumapazi, osati kokha chifukwa mbalameyo imadya chowerama, komanso chifukwa sikanakwana pa pepala itaimirira. Amene anatsata njira ina kale kwambiri anali Maria Sibylla Merian, wobadwira ku Frankfurt mu 1647, amene mu 1699 anapita ku Suriname ndi mwana wake wamkazi Dorothea Maria, n'kumaweta mbozi pa masamba amene zimadya mpaka zitasanduka agulugufe. Buku lake la 1705, la zithunzi 60, limaika dzira, mbozi, chikwa ndi gulugufe pa chomera chimodzi, ndipo mphamvu yake ikuchokera pa kuyembekezera kwa miyezi kwa munthu amene anaona kusinthako ndi maso ake.

Nyama zambiri za ku Malawi zinalowa m'mabuku amenewa kudzera pa njira ya zikopa ija. Kambalame kobiriwira ka mtundu wa zinkhwe, ka nkhope yofiirira, kamene kamakhala m'nkhalango za tsanya ku Liwonde, kanapatsidwa dzina la sayansi lakuti Agapornis lilianae ndi George Ernest Shelley mu 1894, polemekeza Lilian Sclater, ndipo chithunzi chake m'magazini ya The Ibis chinajambulidwa ndi John Gerrard Keulemans, mmisiri wa ku Holland amene ankagwira ntchito ku London. Keulemans anali katswiri woika moyo m'chikopa chouma, koma phokoso la timbalameti tikamauluka m'chigulu, ndi mmene timagonera m'mphako za tsanya, sizikanatheka kufika pa tebulo lake. Nyala, imene ku Malawi imatetezedwa ku Lengwe m'boma la Chikwawa, inafotokozedwa mu 1849 kuchokera pa zimene George French Angas anaona ndi kujambula ku Zululand, ndipo dzina lake la sayansi, Tragelaphus angasii, likusunga dzina la banja limenelo. Nyama imeneyi imayesa wojambula aliyense, popeza yamphongo ndi yotuwa moderako, ya ubweya wautali pamimba ndi nyanga zopotoka, pamene yaikazi ndi yofiirira, ya mizere yoyera yooneka bwino, yopanda nyanga, kotero kuti wosadziwa angaziyese nyama ziwiri zosiyana. Nsomba za m'nyanja ya Malawi ndiye zinavutika koposa. Zoyambirira zinafotokozedwa ndi Albert Günther ku London mu 1864 kuchokera pa zimene John Kirk anatolera pa maulendo a David Livingstone, ndipo nsomba ikafa n'kuumitsidwa kapena kusungidwa m'mankhwala, mitundu yake imathawa msanga. Msodzi aliyense wa ku Nkhata Bay kapena ku Mangochi ankadziwa maonekedwe a nsombazi kuposa katswiri wa ku London, ngakhale kuti palibe anamufunsa, ndipo anthu a kuno amene ankasaka, kutchera ndi kusenda zikopa zimene zinatumizidwa kunja nawonso sanalembedwe maina, mofanana ndi opaka utoto aja.

Mmisiri wa lero amayamba ntchito ali ndi mwayi umene akale analibe, chifukwa mabuku ambiri otere anajambulidwa ndi makina n'kuikidwa pa intaneti, makamaka kudzera mu Biodiversity Heritage Library imene inakhazikitsidwa mu 2006, ndipo popeza eni ake anamwalira kalekale, malamulo a umwini wa zolemba sakuletsanso kuwakopera. Ena amasindikiza mizere yakuda yokha pa pepala labwino n'kupaka mitundu ndi manja, monga ankachitira antchito a Havell, pamene ena amajambula zonse kuyambira pa pensulo. Njira zonse ziwiri n'zovomerezeka malinga ngati wogula wauzidwa imene yatsatidwa. Pepala loyenera ndi la thonje, lopanda asidi, chifukwa mapepala akale ankapangidwa kuchokera ku nsanza ndipo n'chifukwa chake akhala zaka mazana, pamene pepala wamba la mitengo limachita chikasu ndi kuthetheka. Utoto wake ndi wosungunula ndi madzi, ndipo umaikidwa mosanjikiza: mmisiri amayamba ndi mtundu wopepuka kwambiri pa thupi lonse la mbalame, amadikira kuti uume mpaka pepala lisiye kuzizira akaligusa ndi kuseri kwa chala, kenako amabwereza pamene pakufunika kuderako, ndipo malo oyera, monga kadontho ka kuwala m'diso, amangowasiya osapaka kuti pepala lenilenilo lionekere. Burashi ikachuluka madzi pang'ono chabe, utoto umadutsa mzere n'kusiya mkombero wakuda pouma, ndipo cholakwika chotere sichibisika. Pomaliza, pa diso ndi pa nthenga zakuda, ena amapaka utomoni wa mtengo wa mtundu wa mthethe wosungunula m'madzi, umene umazamitsa mtundu ndi kuunyezimiritsa pang'ono, monga ankachitira akale.

Vuto lalikulu limene mmisiri woganiza amakumana nalo ndi la mtundu woti atsatire. Utoto wakale sunakalambe mofanana. Wofiira wochokera ku tizilombo totchedwa cochineal umazilala ukakhala pa kuwala, wachikasu wa utomoni wotchedwa gamboge nawonso umafooka, moti masamba amene anali obiriwira chifukwa chosakaniza chikasu ndi buluu amatsala obiriwira mopita ku buluu, ndipo woyera wopangidwa ndi mtovu umatha kuda ukakumana ndi mpweya woipa. Pepala nalo limadera ndi kutuluka timadontho tofiirira chifukwa cha chinyezi. Choncho chithunzi cha pa kompyuta chimaonetsa mmene pepala limodzi likuonekera patapita zaka 190, osati mmene linatulukira m'manja mwa wopaka. Mmisiri wosamala amayerekeza makope angapo a chithunzi chomwecho, amakhulupirira kwambiri limene lakhala lotsekedwa m'buku kuposa limene linapachikidwa pa khoma, ndipo amawerenga mawu amene wolemba anafotokozera mitundu ya nyamayo. Pamenepa kabuku ka Patrick Syme ka maina a mitundu, komwe kanatuluka mu 1814 n'kukonzedwanso mu 1821, kamathandiza, chifukwa kanaika kachidutswa ka mtundu uliwonse pambali pa dzina lake ndi zitsanzo za nyama, chomera ndi mwala, ndipo Darwin anayenda nako pa Beagle. Kutsanzira kuzilala ndi madontho a chinyezi, kapena kunyika pepala mu tiyi kuti lioneke lokalamba, ndi kukopera kuonongeka m'malo mokopera ntchito ya mmisiri, ndipo kumatsegula khomo la chinyengo.

Chinyengocho n'chenicheni, chifukwa mtengo wa pepala loyambirira ndi wa lojambulidwanso umasiyana kutalitali. Wogula angadziteteze poyang'ana ndi galasi lokulitsa zinthu: chosindikizidwa ndi makina amakono chimaoneka timadontho tandondomeko kapena tomwazika, pamene utoto wa burashi umayenda mosalekeza n'kuunjikana pang'ono m'mphepete. Mapepala a Havell ali ndi chizindikiro cha kampani ya Whatman ndi chaka chake mkati mwa pepala, chooneka likayang'anitsidwa ku kuwala. Koma chitetezo choposa zonsezi chili m'manja mwa mmisiri, amene ayenera kulemba pa chithunzi chake, ndi inki yosafufutika, dzina la wojambula woyamba, buku ndi chaka chake, kenako dzina lake ndi chaka chimene wajambulanso. Kuchita zimenezi sikuchepetsa ntchito yake, ndipo kumakonza chosalungama chakale chija chobisa manja opaka utoto. Palinso phindu lina limene silitchulidwa kawirikawiri. Kwa zaka zambiri amalonda akhala akumasula mabuku akale n'kumagulitsa zithunzi zake chimodzichimodzi, popeza zimabweretsa ndalama zambiri zikamwazidwa chotere, ndipo buku likang'ambidwa silibwereranso, mawu ofotokoza nyamazo n'kutayika padera. Munthu amene akufuna chinkhwe cha Lear pa khoma lake, akapeza chojambulidwanso bwino, palibe buku limene laphedwa chifukwa cha iye.

Chotsala ndi funso la zolakwika, ngati wojambulanso ayenera kuchotsa kanyanga ka Dürer kapena kukonza mwendo wa mbalame umene wojambula wakale anaupatsa mtundu wolakwika. Sayenera kutero. Chithunzi chakale ndi umboni wa zimene anthu ankadziwa pa chaka chimenecho, ndipo chikakonzedwa mwakachetechete chimasanduka chinthu chosakhala chakale kapena chatsopano, chonamizira wakufayo kuti anaona zimene sanaone. Pa nyama zina kusamala kumeneku n'kofunika koposa, chifukwa palibenso yamoyo yoti munthu akayerekeze nayo: njiwa yotchedwa passenger pigeon yomaliza inafa mu 1914 kumalo osungirako nyama ku Cincinnati, chinkhwe cha ku Carolina chomaliza chosungidwa ndi anthu chinafera komweko mu 1918, ndipo zonse ziwiri Audubon anazijambula zikadali zambiri m'nkhalango. Wosintha mzere umodzi pa zithunzi zimenezi akusintha umboni umene sungapezekenso kwina kupatula m'zikopa za m'nyumba zosungiramo zinthu zakale ndi m'zithunzi zochepa za kamera.

Mmisiri amene waona cholakwika ndipo mtima ukumuwawa ali ndi njira yabwino, ndiyo kujambula chithunzi chake chatsopano, cholembedwa dzina lake yekha, n'kuchiika pambali pa chakalecho. Apa wojambula wa ku Malawi ali pabwino kuposa anzake ambiri a kunja, pakuti atatha kuphunzira kwa Keulemans kusanjika kwa nthenga ndi kuika kwa mthunzi pokopera mokhulupirika, angathe kupita ku Liwonde m'chilimwe, pamene timbalame tija timatsikira m'magulu pa madzi otsala, n'kuona yekha mkombero woyera wozungulira diso, kufiira kwa mlomo wamoyo ndi mmene timapendekera mutu tikamamwa. Ku Cape Maclear nsomba zotchedwa mbuna zimasambira pakati pa miyala m'madzi osazama, zabuluu, zachikasu ndi zamizere, ndipo mitundu imeneyi ojambula nsomba a m'zaka za m'ma 1800 sanaione, kotero kuti pa nsomba zimenezi palibe chithunzi chakale chamitundu yeniyeni choti munthu akopere, ndipo wofuna kuzijambula m'kalembedwe ka mabuku akale aja ayenera kuyambira pa nsomba yamoyo.